Mtsinje Umene Sunawaimitse

"Uwauze alongo akowo atseke windo. Fumbi likulowa."

Mzime anali atakhala mpando umodzi ndi amayi ake kumbuyo kwa galimoto, mapewa akuchita kukhudzana. Koma mawuwo anayenera kudzera kaye kutsogolo, kwa achimwene ake amene ankayendetsa, kenako n'kubwereranso kumbuyo komweko.

"Mzime, akuti utseke windo," anatero a Kalaliki, maso ali pa mzere wa magalimoto umene unkakwawa kulowera kuchipata cha m'malire.

"Ndamva, achimwene."

Anatseka. Chifikireni uthenga woti bambo awo atsamira mkono, amayi anali asanamulankhulepo Mzime ngakhale liwu limodzi. Sanamukalipire, sanamutukwane, ndipo bola akanatero. Anangomukweza udindo. Mwana amene ankamuitana kuti "iwe" kuyambira ali kumsana tsopano anasanduka "alongo ako," ndipo chilichonse chomukhudza chinkadzera mwa munthu wina. Kunyumba chinkadzera mwa azakhali, mwa anansi, tsiku lina mpaka mwa munthu amene anangobwera kudzatula mipando. Ulemu woterewu umapweteka kuposa mbama, ndipo amayi ankadziwa bwino lomwe.

Mlandu wa Mzime unali wodziwika kwa aliyense. Bambo ake, amene tawuni yonse inkawatcha a Chidendene, anathera moyo wawo pa kampando, pakhonde la sitolo ya nsalu, akusoka nsapato za anthu. Anasoka nsapato zimene zinakaponda mizinda ikuluikulu, zina zinakwera ndi ndege zomwe, eniake n'kubwera kudzawasimbira. Iwo ulendo wawo unali wa kunyumba ndi kukhondeko basi. Ndiye maso atayamba kuchita chidima, ulusi n'kumakana kulowa pasingano, anasiyira mnzawo kampando kaja. Sipanapite nthawi, analengeza patebulo kuti akufuna kuyenda wapansi, okha, kutsata gombe la nyanja yamchere mpaka kumalire a dziko.

"Kukatani?" anafunsa amayi tsiku limenelo.

"Kukaona pamene dziko lathera."

"Lathera pomwe latherapo. Ndakuuzani ine, khalani pansi."

"Ndakhala pansi zaka zonsezi, make ana. Mpando wandidziwa mokwanira."

A Kalaliki, mwana wachisamba, amene ankagwira ntchito kukhoti ndipo ankalankhula ngati akuwerenga chigamulo ngakhale popempha mchere, anaikira kumbuyo amayi. Anatchula za mtima, za mapiritsi, za zimene adokotala ananena. Mzime yekha ndiye anaseka n'kufunsa kuti, "Munyamuka liti, ababa?" Iye ankagulitsa mankhwala m'famase, ndipo ankaona tsiku ndi tsiku madoda opuma ntchito amene ankangodikira nthawi yomwera piritsi lotsatira. Sanafune kuti bambo ake akhale mmodzi wa iwo. Anawagulira chikwama chakumsana ndi katenti, anawalongedzera mapiritsi, ndipo m'mawa wonyamukawo ndi iye amene anawaperekeza pabasi mpaka pamene mchenga unayambira. Amayi sanatuluke. Anakhala kukhitchini, mpopi atautsegula mwamphamvu, akutsuka mbale.

Kwa masabata angapo a Chidendene ankaimba foni dzuwa likapendeka. Ankasimba za misasa ya asodzi imene anagonamo, za nkhanu zimene zinkawathawa ngati ali nazo chifukwa, za mchenga umene unkalowa mpaka m'buledi. Amayi ankakana kulandira foniyo, koma ikangolira, phokoso lililonse la kukhitchini linkati zii.

"Musandidere nkhawa, sindingasochere," ankatero bambowo. "Madzi mbali iyi, dziko mbali iyo. Ndikafika pa mtsinje wa m'malire, mtsinjewo undiimitsa. Ndikwera basi n'kubwera kudzakalipiridwa."

Kenako foni inasiya kulira. Itadzaliranso, anali mawu achilendo, a namwino wa chipatala cha tsidya lina la malire.

Pachipata, a Kalaliki anatuluka ndi mapepala m'manja, atakonzeratu mawu akuluakulu. Ankayembekeza nkhondo. Wapachipatayo, bambo wonenepa wa thukuta pamphuno, anatembenuza mapepalawo uku ndi uku.

"Malemuwa analowa liti m'dziko muno? Pasipoti yawo ili kuti?"

"Analibe, bwana. Sanakhalepo nayo chibadwire."

"Nanga analowa bwanji?"

A Kalaliki anatsegula pakamwa, koma mawu a kukhoti aja anawathawa onse.

"Ndi miyendo, bwana," anayankha Mzime. "Ankatsata gombe. Ankati mtsinje uwaimitsa."

Wapachipata uja anavula magalasi. Phwete linamupulumuka, kenako anaona amayi atavala zakuda n'kudzigwira pakamwa.

"Pepani, mayi, sindikuseka maliro. Koma mtsinje umenewo chilimwe chino sukufika kunyanja. Mchenga umautseka pakamwa, munthu n'kudutsa pouma osadziwa kuti walowa dziko la eni. Ngakhale ife sitipitako, n'kutali ndi msewu." Anamenya chidindo pa mapepala onse atatu, n'kutuluka yekha kukawachotsa pamzere. "Pitani mukatenge bambo. Pobwerera musaime kumbuyo, mubwere molunjika pano."

"Uwathokoze abwanawa," anatero amayi kwa a Kalaliki. Kenako anaona kuti uyu sanawalakwire, ndipo anamuthokoza okha ndi manja awiri.

Chipatalacho chinali chaching'ono, cha makoma oyera, mabenchi ake otha utoto. Namwino amene anaimba foni uja anawalandira ngati abale, n'kuwatsogolera ku kachipinda kozizira kuseri. A Chidendene anali atawasambitsa ndi kuwafunditsa nsalu yoyera bwino. Dzuwa linali litawadetsa, mimba ija itaphwa, ndevu zoyera zitamera mbali zonse. Ankaoneka ngati mng'ono wa a Chidendene, osati eniakewo. Mzime analira mosabisa. A Kalaliki anayang'ana kudenga. Amayi anasisita ndevuzo ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Taonani. Munthu kungochoka pakhomo pang'ono, wasanduka tchire."

Namwino anawapatsa chikwama cha malemu, chomanga bwinobwino. Anati mayi wina woyanika nsomba ndi amene anali nawo pa nthawi yomaliza, ndipo asodzi a pamsasapo anasiya ntchito ya tsikulo n'kuwabweretsa paboti. Palibe amene anapempha kanthu. Koma kuti thupi lituluke, pankafunika siginecha ya adokotala ndi kalata ya kupolisi, ndipo zimenezo zikanatenga mpaka masana ndithu. A Kalaliki anawongola tayi. Apa ndiye panali pawo.

"Ine ndikufuna kukaona pamene anakhala," anatero amayi.

"Kulibe msewu, mayi," anatero namwino. "N'kuyenda pamchenga. Si pafupi kwenikweni, koma mukanyamuka pano madzi adakali ophwera, mubwerako dzuwa lisanafooke. Mungotsata gombe mpaka muone mathandala a nsomba ndi boti lovundikira."

"Mayi, mawondo anuwo," anatero a Kalaliki.

"Mawondo ndi anga."

"Ine sindingachoke pano. Ndiye Mzime akuperekezeni."

 Amayi ananyamula chikwama cha amuna awo, n'kulowetsa mikono m'malamba mosazolowera.

"Gombe ndi la aliyense," anatero, n'kutuluka.

Umo ndi mmene anapezekera awiriwiri pamchenga, popanda azakhali, popanda anansi, popanda aliyense wodzeramo mawu. Amayi patsogolo, Mzime pambuyo. Nyanja inali itabwerera kutali, n'kusiya mchenga wonyowa, wolimba, wonyezimira. Mphepo inkasiya mchere pamilomo. Patsogolo pawo gombe linkangopita, lopanda nyumba, lopanda mtengo woti munthu angati ndikapuma apo, mbalame zoyera zokhazokha zikuthamanga m'mphepete mwa thovu. Mzime anaganiza za bambo ake akuyenda malo ngati awa okhaokha, tsiku ndi tsiku, ndipo sanadziwe ngati awamvere chisoni kapena nsanje.

Amayi anaima n'kuyang'ana kumene madzi anakumana ndi thambo.

"Chinthu chonsechi madzi okhaokha," anatero, osauza aliyense. "Osamweka n'komwe. Kuwononga."

Anayendanso. Dzuwa litafika paliwombo, amayi anayamba kupuma mokoka.

"Anthu ena akanakhala oganiza, akananyamula madzi akumwa," anauza mphepo.

Mzime anatulutsa botolo m'kachikwama kake. Kuwapatsa m'manja kukanawavuta onse awiri, ndiye anawapitirira pang'ono, n'kuliimika pamchenga, iye n'kumayang'ana mbalame. Amayi atafika pamenepo analitola ngati labwera ndi mafunde. Anamwa theka, n'kuliimikanso pomwepo.

"Mayi, ndikulandireni chikwamacho."

"Anthu ena anasenzetsa kale munthu chikwama chimenechi. Zinakwana."

Mawu amenewo anamulasa Mzime. Anali atavala nsapato zakuda zimene anagula mothamanga chifukwa cha maliro, ndipo tsopano zinayamba kumudya kuchidendene. Kuvula sakanatha, pakuti tizigoba tosweka tinali mbwee pamchengapo. Kupempha kuti apume sakanathanso. Anangoluma mano n'kubwerera kumbuyo kwa amayi ake, kumene sakanamuona. Mumtima ankati mwina ululu umenewu ukumuyenera. Chimene ankaopa sichinali matuza ayi. Ankaopa kuti akaika bambo m'manda, n'kubalalika anthu onse odzeramo mawu, m'nyumba muja mutsala iye ndi amayi ake, chete ali pakati, mpaka kalekale.

Fungo la nsomba ndi limene linayamba kuwalandira. Kenako anaona mathandala, tizisakasa tochepa, ndi boti lakale lovundikira pamchenga wouma. Mayi wina wamtali, wa mikono ngati ya mwamuna, ankatembenuza nsomba pathandala. Atawaona, anayang'ana chikwama chija n'kupukuta manja.

"Chikwama icho ndikuchidziwa. Inu ndinu mayi aja aukali?"

Amayi anachita kakasi.

"Musadabwe, anandiuza okha. Bwerani pamthunzi. Pepani ndithu, pepani." Chilankhulo chake chinali chomwecho cha iwo, kungoti ankachikoka kumapeto. Anawakhazika pafupi ndi boti lija, n'kuwabweretsera madzi ndi nsomba zootcha pa mbale yachitsulo. Sanadikire kufunsidwa.

"Anafika m'mawa, dzuwa lisanawawe. Moni, moni. Akuti, 'Mayi, kodi mtsinje wa m'malire watsala patali bwanji?' Ine ndikuti, 'Mtsinje uti, bambo? Mwaupitirira kalekale. Mwachita kuuponda pamutu.' Akuti, 'Ayi, ine sindinawoloke madzi.' Ndikuti, 'Madzi ake ati chilimwe chino? Muli kunja kuno, bambo. Dziko lanu mwalisiya kumbuyo uko.' Anandiyang'ana, anayang'ana kumene achokera, kenako anangoti khu pansi, pomwe mwakhala inupo. Ine ndimati akomoka. Kani akuseka!"

"Akuseka?" anafunsa amayi.

"Kuseka kwake! Misozi mbwembwembwe, mpaka kutsokomola. Akuti, 'Ine? Kunja? Wopanda ndi kapepala komwe? Anthu amavala masuti popita kunja, ine ndapita ndi kabudula!' Akapuma pang'ono, n'kuyambiranso. Mpaka ine ndinayamba kuseka nawo, nsomba ndaziiwala. Akuti, 'Akazi anga akamva zimenezi, andimanga okha apolisi asanafike.'"

Mzime anaseka misozi ikutsika. Ankachita kuwamva bambo ake m'mawu a mayiyo.

"Anayesa kuimba foni, koma kuno mafoni a kwanu sagwira, ndipo yathu inali kunyanja ndi bambo a kunyumba. Ndinawapangira tiyi. Anadya nsomba ziwiri, mutu ndi mutu womwe. Za inu ndiye anakamba, mayi, mpaka khutu langa linatentha. Akuti, 'Kunyumba ndasiya mkazi wokwiya. Koma akanapanda ukali wakewo, ine bwenzi nditafa kalekale. Mchere amandibisira, fodya ananditayira m'chimbudzi. Miyendo iyi yafika kuno chifukwa cha iyeyo.' Kenako anati apumeko pang'ono pamthunzi, abwerere kwawo asanagwidwe. Ine ndinapita kukatembenuza nsomba. Pobwera ndinapeza atatsamira boti, chipewa chili pabondo. Ndimati agona."

Mayi uja anapukuta m'maso ndi mkono.

"Sanavutike, mayi, ndikulumbira. Kapu ya tiyi inali chiimire pambali pawo, osatayika ndi dontho lomwe. Ndinawatseka maso ndine. Sanafe ngati mlendo."

Amayi anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awo onse awiri, n'kuligwiritsa nthawi yaitali.

"Mulungu akusungeni, mwana wa eni. Ndinkaona ngati anagwa okha penapake, akuitana, popanda womva. Tulo sindinkatipeza. Mwanditula katundu." Anasiya dzanja lija. "Ndiye mwati anaseka mpaka kutsokomola?"

"Mpaka ndinawamenya pamsana."

"Kuseka kumeneko ine ndinakumva komaliza tisanabereke ana," anatero amayi motsitsa. Anayang'ana mbale ya nsomba ija, kenako anayang'ana mayi uja. "Muwauze anzangawa adye. Sanadye kanthu chichokereni kunyumba."

Mayi woyanika nsomba anayang'ana amayi, anayang'ana Mzime, amene anali pafupi moti akanatha kumugwira.

"Si awa ali apawa? Auzeni nokha. Ine nsomba zanga zikupsa ndi dzuwa."

Anadzuka n'kupita kumathandala ake, osacheukanso.

Anatsala awiri pamthunzi wa boti. Mafunde anali atayamba kubwerera, lililonse likufika patsogolo pang'ono kuposa linzake. Mzime anatola nsomba imodzi n'kuibwezanso.

"Mayi," anatero, "ndakhala ndikufuna kunena kuti ndikanadziwa, sindikanawalola. Koma likhala bodza. Ndikuwasowa, mtima ukundiwawa, ndipo ndikudziwa kuti ndine ndinawakweza basi. Koma nditamva zimene wanena mayiyu, sindikudziwa ngati ndikanawaletsa. Mundikalipire, mayi. Mundimenye kumene. Koma izi za 'alongo ako' zikundipha."

Amayi sanamuyang'ane. Anatola mchenga m'dzanja n'kumausiya kuti uzidutsa m'mipata ya zala. Atalankhula, ankalankhula ndi nyanja.

"Anthu akuganiza kuti ndakwiya chifukwa anapita. Munthu uja ndinakhala naye moyo wanga wonse, ndinkadziwa kuti apita. Akati atero, amatero, mwakachetechete ngati chiswe." Anatolanso mchenga wina. "Koma tsiku lija ine sindinatuluke. Ndinamva chitseko, ndinamva geti. Ndinati akabwera ndidzawalandira bwino, lero aone kaye kuti ndakwiya. Munthu wina anawaona akunyamuka, anawaona akuponda mchenga, anatsanzikana nawo. Ine ndinaona mbale. Ndiye ndikamuyang'ana munthu ameneyo, ndikuona chimene ndinataya ndekha, ndi manja angawa."

Mzime anasendera pafupi pang'ono. Sanawagwire.

"Ndikuuzeni mmene ananyamukira?"

Amayi sanavomere, koma sanakanenso.

"Titatsika basi, anavala chikwama mopendeka, lamba wina wamfupi wina wamtali. Ndinawakonzera. Ataona nyanja anaima ngati mwana tsiku loyamba kusukulu. Anafunsa munthu wogulitsa nthochi kuti malire ali mbali iti, ngati kuti ndi kuseri kwa msika. Ananyamuka, anayenda pang'ono, kenako anabwerera. Ine ndimati asintha maganizo. Akuti, 'Ukawauze amayi ako kuti mpopi uja ndaumva. Koma mbale zimene akutsukazo ndinatsuka kale ndine m'mamawa. Asathe sopo.'"

Amayi anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Akutinso, 'Ukawauze kuti kusatuluka kwawoko ndakumva bwino. Akanatuluka, sindikanatha kupita.' Sindinakuuzeni nthawi ija, ndinaopa kukolezera moto. Kenako anakweza chipewa m'mwamba, n'kumapita. Sanacheukenso. Ndinaima mpaka anasanduka kadontho."

Apa amayi analira. Sanalire mwaulemu ngati mmene ankachitira kunyumba pamaso pa anthu odzapepesa. Analira mokweza, pakamwa pali yasa, akumenya chikwama chija ndi chikhatho. "Nkhalamba yopusa! Nkhalamba yanga yopusa!" Mayi wa nsomba uja anawamva ali kumathandala, koma anapitiriza ntchito yake, ndipo anachita bwino. Kulirako kutatha, amayi anamina, anapukuta nkhope, n'kudya nsomba imodzi yonse. Ina anaikankhira kumbali ya Mzime, osanena kanthu.

Madzi anali atadya kale gawo la njira yawo. Anatsanzika mayi uja, amene anakana chilichonse chimene anafuna kumusiyira, m'malo mwake n'kuwakulungira nsomba zouma papepala kuti akadyetse anthu pamaliro. Mzime anadzuka. Phazi linali litatupa pokhala paja, ndipo ataliponda, moto unakwera mpaka m'bondo. Anayesa kubisa. Anaponda kachiwiri, kachitatu.

"Iwe."

Mzime anaima. Sanatembenuke msanga, kuopa kuti mwina akuitana wina.

"Iwe Mzime, ndikunena iwe. Bwerera kuno. Khala apa."

Anakhala pamphepete pa boti. Amayi anatula chikwama, anagwira botilo ndi dzanja limodzi, n'kugwada pamchenga pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anadina nsonga ya nsapato ndi chala chachikulu, anadina m'mbali, kenako anaivula mosamala. Sokosi inali itamatirira ndi magazi.

"Taona zimene wadzichita. Ukuganiza kuti sindinakuone? Ndakumva kuyambira kuchipatala kuja, phazi lina likuponda, lina likupempha. Ukayenda kumbuyo ndiye kuti ndilibe makutu?"

"Sindinafune kukuvutitsani, mayi."

"Chete."

Anatsegula kathumba ka m'mbali mwa chikwama osafufuza n'komwe, ngati munthu wotsegula kabati ya m'nyumba mwake. Munali kabotolo ka mafuta, kansalu koyera kopinda bwino, ulusi, ndi kanyundo ka chigwiriro chosalala ndi ukalamba.

"Ati ndapuma ntchito," anatero amayi, akukayang'ana kanyundoko. "Munthu wabodza."

Anatsuka bala ndi madzi otsala m'botolo, analidzoza, analimanga. Kenako anapaka mafuta kumbuyo kwa nsapato kumene kunali kouma, anakugoneka pa thabwa la boti, n'kuyamba kukumenya ndi kanyundo, pang'onopang'ono, akutembenuza, akuyesa ndi chala, akumenyanso. Mzime anali asanaonepo amayi ake atagwira chida chimenechi. Ankachigwira bwino.

"Vala. Inayonso bweretsa, isakudye mawa."

Atamaliza zonse ziwiri, Mzime anawathandiza kudzuka, ndipo amayi analola. Anafuna kuyenda pambali pawo, koma amayi anamukankha pang'ono pamsana.

"Ayi, tsogola. Abambo ako sankati ntchito yatha munthu akalipira. Ankatuluka pakhonde paja, n'kumuyang'ana mapazi mpaka akakhote pakona. Akaona kuti akutsimphinabe, ankamuthamangira. Tsogola, mwanangu, ndikuone."

Mzime anatsogola pamchenga wonyowa. Atayenda pang'ono anacheuka. Amayi anali ataima pomwe paja, chikwama kumsana, mutu ataupendeketsa, maso ali pa zidendene zake.

"Yamanzereyo ikadali kukudya," anakuwa amayi. "Bwera nayo."